Funsani Atsibweni: "Ndimangoseka basi", nanga bwanji anthu akwiya?

Mwezi uno makalata angochulukira pa nkhani imodzi, ya nthabwala ndi zolembalemba za pa foni zomwe zikudanitsa anthu m'mabayiro ndi m'midzi muno. Ndasankhapo anayi. Mayina ndachotsa ngati mwa nthawi zonse, ena ndawafupikitsa chifukwa ena a inu mukayamba kulemba simupuma.

Atsibweni, ine ndine mnyamata wa ku Ulongwe, ndimapanga timavidiyo toseketsa pa TikTok ndi pa Facebook komanso ndimayendetsa mwambo pa maukwati ndi pa zinkhoswe, ndi mmene ndimapezera ya sopo. Mwezi wathawu ndinajambula kavidiyo ndi mnzanga, iye anadzipaka ufa kumaso kuti aoneke ngati mwalubino nde ine ndikumuthamangitsa ndi thumba uku ndikukuwa kuti gwirani ndalama zikuthawazo. Anthu anaseka koopsa, kanafalikira mpaka ku Dedza, koma patangopita masiku zinthu zinatembenuka, ena akundinena m'makomenti, ukwati womwe ndimayenera kukayendetsa ku Domwe andiimbira kuti basi tapeza wina, ndipo bambo wina wa shopu amene amandipatsa kangachepe kuti ndizitchula shopu yake wati ndisadzamutchulenso. Ine sindinamenye munthu, sindinabe, ndimangoseka basi. Mesa amati dziko lino muli ufulu wolankhula? Nanga uli pati ufuluwo?

*Woseketsa wa ku Ulongwe*

Mphwanga, ufuluwo ulipo ndithu ndipo unalembedwa. Malamulo aakulu a dziko lathu la Mozambique a 2004, pa ndime 48, amati nzika iliyonse ili ndi ufulu wolankhula, wofalitsa nkhani ndi wodziwa zinthu, ndipo amanenanso kuti boma lisatseke munthu pakamwa asanalankhule. Koma tandiuza, apolisi abwera kwanu? Alipo wakulanda foni? Ukuti ayi. Nde boma silinakulakwire kanthu. Amene akukana ndi eni ukwati ndi mwini shopu, ndipo ndalamazo ndi zawo, palibe ndime iliyonse yomwe imati mayi amene akukwatitsa mwana wake ayenera kupatsa maikolofoni munthu amene wamukhumudwitsa, mwinanso m'banja lawolo muli mwana wachialubino iwe sukudziwa. Anthu a m'makomentiwonso akugwiritsa ntchito ufulu womwewo umene iwe ukuulirira. Unalankhula, akuyankha.

Ndime 48 yomweyo kumapeto kwake imati ufuluwu uziyendera limodzi ndi kulemekeza umunthu wa mnzako, ndipo ndime 39 imaletsa kugawanitsa kapena kusala anthu chifukwa cha khungu, mtundu, chipembedzo, kwawo kapena mmene thupi lawo lilili. Sindikuti umangidwa ayi, koma usamayende ukuganiza kuti lamulo lonse lili kumbali yako.

Tsopano tisiye zamalamulo, tikambe za kavidiyoko. Iwe unali wamng'ono mwina, koma cha mu 2015 ndi 2016 anthu achialubino ankabedwa, kuphedwa, manda awo kufukulidwa, kuno ku Tete, ku Zambezia, ku Nampula ndi kutsidya ku Malawi, chifukwa cha bodza loti mafupa awo amalemeretsa. Zinafika poti katswiri wa United Nations pa nkhani za anthu achialubino, mayi Ikponwosa Ero, anabwera ku Malawi ndi kuno ku Mozambique mu 2016 kudzaona yekha. Mu 2017 bodza la mtundu womwewo linagwera amuna adazi ku Zambezia, ena anaphedwa ati m'mutu mwawo muli golide. Alipo makolo mpaka lero amene amaperekeza mwana wachialubino kusukulu ndi kukamutenga, mwana wamkulu ndithu, chifukwa sagona tulo. Mawu amene iwe unakuwa ndi thumba m'manja aja ndi omwewo amene anyamata a pa baraka amakuwira anawa akamadutsa, sunapeke chatsopano, unangowapatsa mawuwo mphamvu ndi kuwatumiza m'mafoni a ana asukulu amene mawa lake akakuwira mnzawo wa m'kalasi. Iwe unaseka n'kupita kukagona, mwanayo ndi amene ayende nawo mawuwo pamsewu.

Usandimve molakwa, ine ndimakonda nthabwala ndipo ife Achewa ndi Angoni a kuno sitinayambe lero kunyogodolana. Pa maliro adzukulu amaseka, amatha ngakhale kutsanzira kayendedwe ka malemu anamfedwa ali pomwepo, palibe amawaletsa. Msuweni wako ukhoza kumunena za mutu wake, za ulesi wake, kumutcha mkazi wako pagulu, iye n'kukubwezera zoposa pamenepo. Amayi pa mtondo ankaimba nyimbo zonena mwamuna waulesi kapena apongozi aukali mudzi wonse n'kumamva, ndipo Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, ali ndi zilombo ngati Simoni ndi Maliya zomwe zinabwera potsanzira azungu ndi amishoni nthawi imene munthu sukanayerekeza kuwaseka maso ndi maso. Koma taonetsetsa zonsezi. Mdzukulu amaseka pa maliro omwe iye wakumba manda, wagwira ntchito yomwe abale sangaigwire, chilolezo chake chimachokera pamenepo. Msuweni amabweza. Nyimbo ya pa mtondo inkapita kwa amene ali ndi mphamvu pakhomo. Paliponse pamenepa panali malo ake, nthawi yake, ndipo wonenedwayo ankadziwa kuti wondinenayu ndi ndani kwa ine. Foni ilibe zimenezo, kavidiyo kamafika kwa mayi wa ku Zobwe amene sakukudziwa, sali msuweni wako, sangakubwezere, amangoona mnyamata akuthamangitsa mwana wonga wake ndi thumba.

Chochita nchosavuta kunena koma chimafuna mtima. Kachotse kavidiyoko ngati sunakachotse. Upepese mwachidule, wekha, popanda nyimbo yachisoni kumbuyo, ndipo usanene zija zoti "ngati alipo amene wakhumudwa" chifukwa ukudziwa kuti alipo. Ngati m'bayiro mwanu muli banja lomwe lili ndi mwana wachialubino, tenga munthu wamkulu mupite limodzi, foni isiye kunyumba, usakajambule ulendowo. Maukwati abwerera, anthu a kuno sasunga mkwiyo kwa munthu amene wagonja, koma mwina osati mwezi uno.

Ndipo zoseketsa zatha kodi? Kondakitala wa shapa amene amalumbira kuti malo alipo anthu atakhala kale pamiyendo pa anzawo, ogula mbatata ya kachewere amene amabwera ndi thumba lotalika kuposa mwini munda, osintha ndalama a pa Calomue amene amawerenga makwacha mwachangu ngati akuthamangitsidwa, mamega otha usanatsegule n'komwe vidiyo, iwe mwini ndi mavuto ako. Pamenepo ndikhoza kuseka nawe mpaka misozi.

Atsibweni, ndine mayi wapabanja, ndimagulitsa zitenje ku Furancungo. Pa gulupu ya WhatsApp ya m'dera lathu mnyamata wina anatenga chithunzi changa n'kuchiphatikiza ndi cha bambo wina woyendetsa galimoto ya fodya, n'kulemba pansi kuti "katundu wafika" ndi tizithunzi toseka. Anthu anaseka, ena anatumiza ku magulupu ena. Atafunsidwa akuti inali nthabwala chabe. Bambo a kunyumba sakudya, akuti akakamupeza amuthyola miyendo, ndipo apongozi ayamba kundiyang'ana mwina mwake. Ine bamboyo ndimangomudziwa poti amandinyamulira katundu basi. Nditani?

*Mayi wa ku Furancungo*

Pepani mayi. Iyi si nthabwala, ndi bodza loipitsa mbiri lomwe laikidwa tizithunzi toseka kuti mwini wake apeze pothawira. Ndime 41 ya malamulo aakulu imateteza ulemu wanu, mbiri yanu ndi chithunzi chanu, ndipo lamulo la milandu, Lei 24/2019, limawerengabe kuipitsa mbiri ndi kunyoza munthu ngati milandu. Kunena kuti ndimangocheza sikufufuta zimenezo.

Choyamba gwirani bambo. Ndikunena zoona, muwagwire. Akakamumenya mnyamatayo nkhani isintha tsiku lomwelo, wolakwa akhala bambo, wodandaula akhala mnyamatayo, ndipo anthu aiwala zoti munanamiziridwa azingokamba za miyendo yothyoka, enanso aziti akanakhala kuti nzabodza sakanapsa mtima chonchija. Muwakumbutse za Will Smith, munthu wotchuka dziko lonse, amene mu Malichi 2022 anakwera pa nsanja ya mphoto za Oscar n'kumenya khofi woseketsa Chris Rock chifukwa choseka mutu wa mkazi wa Smith amene tsitsi linkathothoka ndi matenda. Nthabwalayo inali yoipa, inde, koma amene analetsedwa zaka 10 kupita ku miyambo ya bungwe lopereka mphotozo ndi womenyayo.

Chachiwiri, jambulani zonse pa foni lero lomwe asanafufute, chithunzicho, nambala yake, tsiku, ndi mayina a magulupu omwe chafika, musunge pa foni ina ya munthu amene mumamukhulupirira. Kenako nkhani ipite kwa ankhoswe anu kuti apongozi amve kuchokera kwa akuluakulu osati kuchokera pa chitsime, ndipo kuchoka apo kwa amfumu kapena kwa sekeretale wa bayiro. Kulinso makhoti a m'madera aja anakhazikitsidwa ndi Lei 4/92, iwo satumiza munthu kundende koma amayanjanitsa ndipo amatha kulamula chindapusa. Chimene ine ndingaumirire pa bwalo lililonse ndi chakuti kupepesa kuchitikire pomwe bodza linachitikira, pa gulupu pomwepo, ndi dzina lake, ndipo atumizenso ku magulupu ena aja. Mbuzi yoperekedwa kuseri siyeretsa dzina lanu kwa anthu amene anaona chithunzicho. Akakana, mukadandaule ku polisi, mlandu wotere suyenda wokha, umafuna inu mwini wonyozedwa mukauyambitse, ndipo ngati mulibe ndalama ya loya kuli a IPAJ amene ntchito yawo ndi kuthandiza anthu osowa pa milandu. Musazengereze miyezi.

Ma adimini a magulupu nanunso, mukaona zotere n'kungoika kachithunzi koseka, muli momwemo.

Atsibweni, ndine wophunzira ku Moatize, ndimalemba ndakatulo zoseka akuluakulu, za fumbi la malasha, za malonjezo a pa kampeni, za mabwana a mimba zazikulu. Anzanga amazikonda koma mayi anga akuti ndisiye ndisanawabweretsere maliro. Kodi kuseka atsogoleri ndi mlandu? Kapena mayi akungoopa zakale?

*Wophunzira wa ku Moatize*

Mphwanga, iwe ndi mnyamata wa ku Ulongwe uja mukuoneka ngati muli pa nkhani imodzi koma ayi. Iye anaseka mwana amene alibe pothawira, iwe ukuseka anthu amene ali ndi magalimoto, alonda ndi maloya, amene anapempha okha mavoti athu. Mtundu wa nthabwala zako ndi umene ndime 48 inalembedwera, ndipo ine ndili kumbali yako. Koma mayi ako sakulota, ndikuuza zomwe zinachitika uziyeze wekha.

Mu Novembala 2013 katswiri wa zachuma Carlos Nuno Castel-Branco analemba kalata yowawa pa Facebook yodzudzula Pulezidenti Armando Guebuza. Anamuimba mlandu pogwiritsa ntchito lamulo la 1991 la chitetezo cha boma, lomwe linkawerenga kunyoza mtsogoleri wa dziko ngati mlandu wa chitetezo, ndipo mkonzi wa nyuzipepala ya mediaFAX Fernando Mbanze anazengedwa naye limodzi chifukwa chosindikiza kalatayo. Pa 16 Seputembala 2015 khoti la ku Maputo linawapeza osalakwa onse awiri. Chigamulo chimenecho nchofunika kuchidziwa, chinaonetsa kuti kudzudzula mtsogoleri mwaukali si mlandu, komanso uone kuti munthuyo anakhala nthawi yaitali mlandu uli pamutu, ndipo anali pulofesa wodziwika, atolankhani akunja akuyang'ana. Wophunzira wa ku Moatize alibe zimenezo. Woimba Azagaia anaitanidwa ku ofesi ya oimira boma pa milandu mu 2008 chifukwa cha nyimbo yomwe inatuluka pambuyo pa zipolowe za mitengo ya shapa, sanamangidwe, anapitiriza kuimba, koma atamwalira pa 9 Malichi 2023 achinyamata amene anafuna kuyenda pamsewu pomukumbukira pa 18 Malichi anabalalitsidwa ndi utsi wokhetsa misozi ku Maputo. Mtolankhani Carlos Cardoso anawomberedwa mu Novembala 2000 akufufuza za ndalama zobedwa ku banki ya BCM. Maofesi a nyuzipepala ya Canal de Moçambique anatenthedwa mu Ogasiti 2020. Ndipo sindikufunika kukukumbutsa mmene intaneti ya pa foni inkadulidwira pambuyo pa zisankho za Okutobala 2024, unalipo. Mayi ako akamva "ndakatulo" amaganiza zimenezi.

Kwa anansi athu zinthu zikusuntha pang'ono. Ku Malawi, komwe mlakatuli Jack Mapanje anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu, khoti linagamula mu 2025 kuti lamulo lomanga munthu chifukwa choipitsa mbiri likutsutsana ndi malamulo aakulu. Ku Zambia anachotsa mlandu wonyoza pulezidenti mu Disembala 2022. Kuno sitinafike pamenepo, nde usamawerenge nkhani za ku Lilongwe n'kuganiza kuti zikukuteteza uli ku Moatize.

Sindikuuza kuti usiye, ndikanama ndikatero chifukwa dziko lomwe achinyamata ake saseka atsogoleri ndaliona kale ndili mnyamata ndipo silinali labwino. Koma lemba ngati munthu wodziwa kumene ali. Seka ntchito osati thupi la munthu kapena mkazi wake kapena mtundu wake, fumbi la malasha aliyense akuliona, lonjezo lomwe silinakwaniritsidwe aliyense analimva, pamenepo palibe angati wanama. Usatchule munthu dzina n'kuti anaba ngati ulibe umboni m'manja, apo ndi pomwe ndakatulo imasanduka mlandu woipitsa mbiri ndipo ngakhale ine sindingakuikire kumbuyo. Makolo athu poimba sankatchula dzina koma mudzi wonse unkadziwa wonenedwa, luso limenelo liphunzire, limapangitsanso ndakatulo kukoma. Usaitanire anthu kukaotcha kapena kumenya, ngakhale mocheza. Ndipo dziwana ndi anthu a MISA Moçambique, bungwe loteteza ufulu wa atolankhani, kapena atolankhani a ma wailesi a m'madera, munthu amene ali yekhayekha ndi amene amavutitsidwa mosavuta. Mayi uziwawerengera zina mwa ndakatulozo, mwina aseka, mantha amakula kwambiri pa chinthu chimene munthu sanachione.

Atsibweni, ndine mkulu wa mpingo ku Tsangano. Pa tsiku la chikondwerero kusukulu achinyamata anachita sewero la m'busa wokonda chopereka, wogulitsa madzi odalitsa, akugwetsa anthu pansi uku akusuzumira m'mbale ya ndalama. Anthu anaseka mpaka kugwa. Ife akulu ampingo zatipweteka, ndi kunyoza Mulungu kumeneku. Tikufuna tikapemphe akuluakulu a boma aletse gulu limeneli kuchitanso masewero. Mukuona bwanji?

*Mkulu wa mpingo, Tsangano*

Bambo, ndi ulemu wonse, musapite. Ndawerenga kalata yanu mobwereza ndipo sindinapezemo pomwe anawo ananyoza Mulungu, ananyoza m'busa wogulitsa madzi, ndipo inu ndi ine tikudziwa kuti abusa otere alipo, anthu anaseka chifukwa anamuzindikira. Akanatchula dzina la m'busa wanu n'kumunamizira kuba ikanakhala nkhani ina, yofanana ndi ya mayi wa ku Furancungo uja.

Boma lathu si la mpingo uliwonse, ndime 12 imatero, ndipo ndime 54 yomwe imakupatsani ufulu wopembedza imapatsanso ena ufulu wosapembedza. Mukatsegula khomo loti boma liziletsa sewero chifukwa lapweteka opemphera, mawa a Gule adzapempha kuti aletse ulaliki wanu umene mumanena zilombo kuti ndi za Satana, ndipo pamenepo mudzayankha chiyani? Nkhani za kuseka chipembedzo zafikitsa anthu kutali m'maiko ena, ku Paris mu Januwale 2015 anthu 12 anaphedwa pa chiwembu cha ku nyuzipepala ya zojambula zoseketsa ya Charlie Hebdo, ndipo wolemba mabuku Salman Rushdie anabayidwa ku New York mu 2022 n'kutaya diso chifukwa cha buku lomwe analemba zaka zoposa 30 m'mbuyomo. Zojambula za nyuzipepala ija zina ngakhale ine sindizikonda ndipo ndikumvetsa Asilamu amene zinawapweteka, koma kupweteka mtima sikupatsa munthu chilolezo cha mpeni. Sindikuti inu mukupita kumeneko ayi, kungoti achinyamata ampingo akamva akulu awo akunena kuti Mulungu wanyozedwa ena amapitirira pomwe inu simunafune, nde mawu amenewo muziwatulutsa mosamala.

Muli ndi guwa Lamulungu lililonse, yankhani pamenepo ngati mukuona kuti sewerolo linapotoza. Kapena aitaneni anawo, ambiri mwa iwo ndi ana anu omwe a m'kwaya, muwafunse kuti m'busa ameneyu munamuona kuti. Ndipo ngati kuli kotheka pa msonkhano wotsatira wa akulu muwerengere mpingo wonse mmene chopereka cha chaka chino chayendera, ndalama zingati zalowa, zingati zagula malata, zingati zatsala.